Ufa woyera, kachitsulo ndi moto wa m'ng'anjo

Titanium dioxide ndi ufa woyera mbuu umene umapezeka pafupifupi m'nyumba iliyonse, ngakhale eni nyumba ambiri sadziwa dzina lake. Ndiwo umayeretsa penti ya pakhoma la sukulu, mapepala a m'makope, mapaipi apulasitiki, mankhwala ena otsukira mano ndi mafuta odzola oteteza khungu ku dzuwa. M'kati mwake muli zinthu ziwiri zokha: pa atomu iliyonse ya chitsulo cha titanium pali maatomu awiri a okosijeni. Susungunuka m'madzi, suchita dzimbiri, ndipo kuti moto uusungunule pamafunika madigiri opitirira 1,800.

Ufawu umachokera pansi pa nthaka, makamaka mu mchenga wakuda wotchedwa ilmenite ndi mwala wofiirira wotchedwa rutile, ndipo dera lino la Africa lili nazo zambiri. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe ku Malawi, kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia inapeza nthaka yokwana matani pafupifupi 1.8 biliyoni imene gawo limodzi pa 100 alionse ndi rutile. Palibe malo ena odziwika pa dziko lapansi amene ali ndi rutile wachilengedwe wochuluka chotero, ndipo m'chaka cha 2023 kampani ya Rio Tinto inagula gawo mu Sovereign Metals. Ku Moma, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, kampani ya Kenmare yakhala ikukumba ilmenite kuyambira 2007, ndipo ku Richards Bay ku South Africa ntchito yomweyi inayamba kale m'ma 1970.

Khalidwe lina la ufawu linayamba kuoneka ngati vuto. Khoma lopakidwa penti yotsika mtengo likakhala zaka zingapo padzuwa, munthu akalisisita ndi chikhatho dzanja limachoka lili loyera ndi fumbi. China mwa zoyambitsa zimenezi ndi titanium dioxide yemweyo: akawombedwa ndi dzuwa amadya pang'onopang'ono zomatira zimene zimagwira pentiyo pakhoma. N'chifukwa chake opanga penti yabwino amayamba akuta kanjere kalikonse ka ufawu ndi alumina kapena silica kuti kasakhudzane ndi zomatirazo. Asayansi a zamadzi amafuna chimene opanga penti amathawa. Ngati ufawu ungadye penti, ungadyenso utoto wa m'mafakitale, mankhwala ophera tizilombo a m'minda, ngakhale tizilombo toyambitsa matenda m'madzi. Chinthu chimene chimafulumizitsa ntchito yotere chikalandira kuwala, icho chomwe osatha, chimatchedwa photocatalyst.

Mbiri yake ndi yaifupi. Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anafalitsa mu 1972 kuti titanium dioxide wowalitsidwa amatha kugawa madzi n'kutulutsa mpweya wa okosijeni. Mu 1977 Steven Frank ndi Allen Bard ku Texas anaonetsa kuti ufawu umaononga cyanide m'madzi, poizoni amene migodi ikuluikulu imasungunulira golide. Mu 1985 gulu la Tadashi Matsunaga ku Japan linapha tizilombo ta E. coli ndi ufa womwewu ataikamo platinum pang'ono. Pofika 2001 kampani ya Pilkington inali ikugulitsa magalasi a mawindo odziyeretsa okha ndi dzuwa ndi mvula.

Zimachitika motere. Maelekitironi a mu kanjere ka ufawu amakhala omangika pamalo ake. Kuti imodzi imasuke iyenera kulandira mphamvu yokwanira kudumpha mpata umene asayansi amautcha band gap. Kuwala kokhala ndi mphamvu yoteroyo kukafika, elekitironi imadumpha, ndipo pamene inali pamatsala bowo. Bowolo likafika kunja kwa kanjere limalanda elekitironi ku madzi amene akhudza pamenepo, n'kupanga tinthu taukali kwambiri totchedwa hydroxyl radical. Elekitironi imene inadumpha ija imakalowa mu okosijeni wosungunuka m'madzi n'kupanga tinthu tina taukali. Tinthuti timang'amba khungu la tizilombo, ndipo timaphwanya mankhwala ambiri mpaka kutsale mpweya wa carbon dioxide, madzi ndi timchere.

Ufa wosasakaniza uli ndi zofooka ziwiri. Choyamba, mpata wake ndi waukulu. Pa mtundu wotchedwa anatase ndi ma electron volt 3.2, kutanthauza kuti kuwala kokha kofupikira kuposa mananomita pafupifupi 387 ndi kumene kungaudzutse. Kumeneku ndi kuwala kwa UV kosaoneka ndi maso, ndipo pa dzuwa lonse lofika pansi kumangokwana magawo 4 kapena 5 pa 100. Dzuwa la Okutobala la ku Rufunsa ku Zambia, limene limaumitsa mitsinje n'kusiya mchenga wokhawokha, pafupifupi lonse limapita pachabe pa ufa woterewu. Chachiwiri, elekitironi ndi bowo lake sizichedwa kubwererana. Zambiri zimakumananso m'kanthawi kochepetsetsa zisanafike n'komwe kunja kwa kanjere, ndipo mphamvu yonse imasanduka kutentha kopanda ntchito.

Pofuna kuthana ndi zofookazi akatswiri amathiramo chitsulo china pang'ono, ntchito imene amaitcha doping.

Zitsulo zothiramo zimagwira ntchito m'njira ziwiri, malingana ndi kumene zakakhala. Zina zimalowa m'kati mwenimweni mwa kanjere n'kutenga malo a titanium. Ayironi ndiye chitsanzo chodziwika, chifukwa atomu yake ikataya maelekitironi atatu imakhala yolingana msinkhu ndi ya titanium, moti imakwana pamalopo popanda kusokoneza kwambiri anzake. Vanadium, chromium ndi niobium amalowanso chimodzimodzi. Akalowa amaika popondera pakati pa mpata uja, ndiye elekitironi imatha kuwoloka ndi kuwala kofooka, kooneka ndi maso. Amagwiranso elekitironi kapena bowo ngati msampha kwa kanthawi kuti ziwirizi zisakumane msanga.

Zitsulo zina zimatsalira kunja. Siliva ndi wamkulu kwambiri kuti akwane pamalo a titanium, ndipo iye pamodzi ndi golide ndi platinum amakhala ngati timadontho pamwamba pa kanjere. Timadonthoti timakoka maelekitironi amene adumpha n'kuwasunga kutali ndi mabowo. Golide ndi siliva ali ndi chowonjezera: akakhala tinthu ting'onoting'ono amamwa kuwala kooneka ndi maso, ndipo ufa wokhala ndi golide umasanduka wofiirira mopita ku pepo. Siliva ndi kopa amaphanso tizilombo paokha ngakhale mumdima, ndipo n'chifukwa chake amakondedwa pa kafukufuku wa madzi akumwa.

Muyezo wake ndi wochepa modabwitsa. Mu 1994 Wonyong Choi, Andreas Termin ndi Michael Hoffmann a ku California Institute of Technology anayesa mitundu 21 ya zitsulo mu tinjere ta titanium dioxide. Anapeza kuti ayironi, molybdenum, ruthenium, osmium, rhenium, vanadium ndi rhodium amawonjezera mphamvu ya ufa akakhala pakati pa 0.1 ndi 0.5 pa maatomu 100 alionse, pamene cobalt ndi aluminium amaichepetsa. Atomu imodzi ya ayironi pa maatomu 200 a titanium ndi yokwanira. Ikapitirira pamenepo misampha ija imayandikana kwambiri, ndipo m'malo molekanitsa elekitironi ndi bowo imasanduka pokumanira pawo. Ndi golide nthawi zambiri amaika pafupifupi gawo limodzi pa 100 la kulemera kwa ufa, moti galamu imodzi ya golide, imene wosefa wa ku Rufunsa amaivutikira m'matope, ingakwanire magalamu 100 a ufa.

Mtundu wa ufa umanyenga. Ayironi amausandutsa wachikasu, akachuluka wofiirira. Chromium amaudetsa kwambiri. Mtunduwo ndi umboni woti ufa ukumwa kuwala kooneka ndi maso, koma si umboni woti ukugwira ntchito. Ofufuza ambiri anapeza kuti ufa wa chromium, ngakhale umamwa kuwala kochuluka, nthawi zambiri umagonja kwa ufa woyera wosasakaniza.

Chitsulo n'chimodzi mwa zinthu ziwiri zosankha. China ndi moto, ndipo ofufuza awiri akathira chitsulo chimodzimodzi pa muyezo umodzimodzi koma n'kupeza zosiyana, kawirikawiri chosiyanitsa chimakhala ng'anjo.

Njira yofala yopangira ufawu m'labotale imatchedwa sol-gel. Amatenga mankhwala amadzimadzi a titanium, monga titanium isopropoxide, n'kuwasungunula mu sipiriti. Amathiramo mchere wa chitsulo chimene akufuna, mwachitsanzo iron nitrate, kenako amadontheza madzi pang'onopang'ono uku akutakasa. Chosakanizacho chimayamba kuchita chimbuuzi, kenako chimalimba n'kukhala phala. Phalalo amaliumitsa pa madigiri pafupifupi 100 mpaka lisanduke timiyala tophwanyika, ndipo amatipera mumtondo wa m'labotale. Ufa umene watuluka pamenepa ndi woyera kapena wachikasu ndithu, koma maatomu ake ali balalabalala, opanda ndondomeko. Muli madzi, muli zotsalira za sipiriti ndi asidi. Ukaikidwa padzuwa suchita kanthu kwenikweni, chifukwa paliponse pamene maatomu asokonekera ndi pamene elekitironi ndi bowo zimakumanirana. Ufawo uyenera kulowa m'ng'anjo yamagetsi, m'kambale kadothi kosapsa ndi moto, kwa maola awiri, atatu kapena anayi.

Wowotcha njerwa amalidziwa vuto lake. Njerwa ya m'mphepete mwa uvuni, imene moto sunaifike bwino, imasungunuka ndi mvula yoyamba. Ya pakamwa pa moto imada, imapindika n'kumatana ndi inzake. Yomangira nyumba ili pakati. Kusiyana kwake n'koti kwa titanium dioxide pakati pamenepa ndi popapatiza, ndipo pamasuntha malingana ndi chitsulo chimene chathiridwamo.

Pansi pa madigiri 200 madzi ndi sipiriti zimachoka. Pakati pa 200 ndi 400 zotsalira zina zimapsa, ndipo ufa umene watulutsidwa msanga pa nthawiyi umaoneka wotuwa kapena wabulauni chifukwa cha mwaye wotsalira. Pakati pa 300 ndi 400 maatomu amayamba kufola m'ndondomeko ya anatase. Pa madigiri 450 kapena 500 ndondomekoyo imakhala itakhazikika ndipo zilema zambiri zatsekeka. Koma moto womwewo umamatanitsa tinjere. Tinjere ta mananomita 8 kapena 10 timalumikizana n'kukhala ta 20, ta 30, ndipo timabowo tapakati pake timatsekeka. Nanomita ndi gawo limodzi la milimita yogawidwa kamiliyoni. Popeza ntchito yonse imachitikira kunja kwa kanjere, kukula kwa tinjere ndi kutaya malo ogwirira ntchito. Galamu imodzi ya ufa wosawotcha imatha kukhala ndi malo opitirira masikweya mita 200 ngati kunja kwa tinjere tonse kutayalidwa pansi. Ufa womwewo ukafika madigiri 800 nthawi zambiri umatsala ndi osakwana 10.

Choncho moto umapereka ndi dzanja limodzi n'kulanda ndi linalo: umakonza m'kati mwa kanjere uku ukuchepetsa kunja kwake. Ufa wambiri wa sol-gel umagwira ntchito bwino kwambiri ukawotchedwa pakati pa madigiri 400 ndi 550, pamene phindu loyamba lakula koma kuluza kwachiwiri kusanafike poipa.

Kupitirira pamenepo kumabwera kusintha kwakukulu. Titanium dioxide ali ndi mitundu itatu yodziwika: anatase, brookite ndi rutile. Zopangira zake n'zimodzimodzi, chosiyana ndi kafoledwe ka maatomu. Rutile ndiye wokhazikika kuposa onse, ndipo enawo akatenthedwa mokwanira amasanduka rutile osabwereranso. Kwa ufa wosasakaniza kusinthaku kumayamba cha m'ma 600, ngakhale kuti kwaonekapo pa madigiri otsika kufika 400 ndi okwera kupitirira 1,000, malingana ndi kapangidwe ka ufa. Maatomu amamasukana n'kumangananso mwatsopano, ndipo kanjere kamafota ndi magawo pafupifupi 8 pa 100. Hengzhong Zhang ndi Jillian Banfield anawerengera mu 1998 kuti tinjere tochepera mananomita pafupifupi 14 timakhazikika bwino tikakhala anatase. Kukula kwa tinjere m'ng'anjo ndi kubadwa kwa rutile zimayendera limodzi.

Mpata wa rutile ndi wocheperapo, ma electron volt 3.0, moti amamwa kuwala kochulukirapo pang'ono. Komabe pa ntchito yoyeretsa madzi nthawi zambiri amagonja kwa anatase: tinjere take ndi tatikulu, kunja kwake kumagwira madzi ochepa, ndipo maelekitironi ake sakhalitsa asanabwerere m'mabowo. Apa pakuoneka chifukwa chake rutile wa ku Kasiya, ngakhale ndi titanium dioxide weniweni, sangangoperedwa n'kuthiridwa m'madzi. Ayenera kusungunulidwa ndi mankhwala kufakitale n'kumangidwanso kuchokera pachiyambi monga tinjere ta anatase. Msika wake waukulu ndi wa penti, wa chitsulo cha titanium ndi wa ndodo zowotcherera.

Komabe rutile wochepa si woipa. Ufa wotchuka kwambiri pa kafukufuku yense, P25 wa kampani ya Evonik imene kale inali Degussa, uli ndi anatase pafupifupi magawo 80 pa 100 ndi rutile 20, tinjere ta mananomita pafupifupi 21, ndi malo okwana masikweya mita 50 pa galamu. Pamene mitundu iwiriyi yakhudzana, elekitironi imawolokera mbali imodzi bowo n'kutsala mbali ina. Ndiye pali kampata ka madigiri ochepa, rutile atangoyamba kumene kuoneka, pamene ufa wina umafika pachimake, kenako n'kugwa msanga moto ukangowonjezeka pang'ono.

Chitsulo chothiramo chimasuntha malire onsewa. Dorian Hanaor ndi Charles Sorrell a ku Australia anasonkhanitsa zotsatira za ofufuza ambiri mu 2011, ndipo chithunzi chake n'chomveka. Titanium mu ufawu amakhala atataya maelekitironi anayi. Chitsulo chotaya ochepera anayi, monga ayironi, kopa, cobalt, nickel ndi manganese, chikalowa pamalo pake, kanjere kamataya maatomu ena a okosijeni kuti zinthu zilingane. Mipata yotsalayo imapatsa maatomu ena poyendera, ndiye rutile amabwera msanga, nthawi zina ndi madigiri 100 kapena kuposa. Chitsulo chotaya oposa anayi, monga niobium ndi tungsten, chimachepetsa mipatayo ndipo anatase amapirira. Zirconium, lanthanum, cerium ndi silica nazo zimachedwetsa rutile, zina mwa izo pokhala m'malire a tinjere n'kutiletsa kumatana. Ufa wokhala ndi zimenezi umatha kukhalabe anatase pa madigiri 800.

Tanthauzo lake n'loti moto umene unali woyenera ufa wosasakaniza ungakhale wopyola muyezo kwa ufa wa kopa, n'kukhala woperewera kwa ufa wa zirconium. Wofufuza amene wawotcha mitundu isanu ya ufa pa madigiri 600 n'kulengeza kuti chitsulo chakuti ndicho chapambana sanayerekeze zitsulo zokha. Wayerekezanso kukula kwa tinjere ndi kuchuluka kwa rutile, mwina osadziwa.

Moto umasunthanso chitsulo chenichenicho. Ukakhala wochepa, ayironi amatsalira kunja kwa tinjere osalowa. Ukakwanira, amalowa n'kumwazikana bwino. Ukapitirira, makamaka ayironi akachuluka, amatulukanso n'kuunjikana payekha monga hematite, kapena kugwirizana ndi titanium n'kupanga mwala wina wotchedwa pseudobrookite, umene uli ndi mphamvu yochepa pa ntchitoyi. Timadontho ta siliva ndi golide timayenda pamwamba pa kanjere kotentha n'kumalumikizana, kalekale moto usanafike madigiri 962 amene siliva amasungunukira kapena 1,064 a golide. Madontho ochepa aakulu sagwira ntchito ngati ambiri aang'ono, ndiponso amaphimba kuwala. N'chifukwa chake ena amayamba awotcha titanium dioxide yekha, kenako n'kuika golide kapena platinum ufa utazizira, pogwiritsa ntchito nyali ya UV.

Mpweya wa m'ng'anjo nawo uli ndi gawo lake. Kuwotchera mu mpweya wamba kumasiya kopa ali wakuda monga copper oxide. Kuwotchera mu hydrogen kapena mu nitrogen kumachotsa okosijeni wina, ufa n'kusanduka wotuwa kapena wabuluu, ndipo umamwa kuwala kochuluka. Koma mipata ya okosijeni ikachulukitsa, rutile amafulumira. Mu 1978 Samuel Tauster ndi anzake anapeza kuti platinum wa pa titanium dioxide akatenthedwa mu hydrogen pa madigiri 500 amaleka kugwira mipweya imene ankagwira, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti kachikuto ka titanium oxide kamakwera n'kumuphimba. Nthawi ya m'ng'anjo ndi liwiro lokwezera moto zimawerengedwanso: maola asanu ndi limodzi pa madigiri 500 amakulitsa tinjere kuposa ola limodzi, ndipo kukweza moto mothamanga kumaphwanya timabowo pamene mpweya wa zopsa ukutuluka mwamphamvu.

Zonsezi sizioneka ndi maso. Amaziyeza ndi makina a X-ray otchedwa XRD, amene amajambula mzere wokhala ndi nsonga. Nsonga ya pa ngodya ya madigiri 25.3 ndi ya anatase, ya pa 27.4 ndi ya rutile. Kutalika kwa ziwirizi kumanena kuchuluka kwa mtundu uliwonse, ndipo kutambalala kwa nsonga kumanena kukula kwa tinjere: yotambalala ndi ya tating'ono, yosongoka ndi ya tatikulu. Mapepala a ufa umodzi wowotchedwa pa 400, 500, 600 ndi 700 akayalidwa patebulo, nsonga ya anatase imaoneka ikusongoka, kenako ikufupika, ya rutile ikumera pambali pake.

Kuyeza ntchito yeniyeni kumachitika kawirikawiri ndi utoto wabuluu wotchedwa methylene blue. Amathira ufa m'madzi abuluuwo, n'kutakasa mumdima kwa theka la ola kapena kuposa kuti utoto womatirira pa ufa umatirire, kenako n'kuyatsa nyali n'kumatapa madzi pang'ono nthawi ndi nthawi. Njirayi ndi yotchipa ndipo imasangalatsa maso, koma ili ndi msampha. Utoto umamwa wokha kuwala kooneka ndi maso ndipo umatha kupatsira ufa elekitironi, moti buluu amazimirira ngakhale ufawo usanadzutsidwe ndi kuwalako. Ndiponso kuzimirira kwa mtundu sikutanthauza kuti mankhwala atheratu. Umboni wodalirika umachokera ku mankhwala opanda mtundu monga phenol, ku kuyeza carbon yense wotsala m'madzi, ndi ku kuwerenga tizilombo tamoyo.

Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, lili ndi zifukwa zomvetsera nkhaniyi. Midzi yambiri ya kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda ili kutali ndi msewu wa Great East, ndipo mijigo ikaonongeka anthu amabwerera ku zitsime zosaya ndi ku mitsinje. Kolera amene anabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko lonse, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mu 2024. M'bomali mulinso osefa golide, ndipo kulikonse kumene golide amasefedwa ndi manja nkhani ya mercury siichedwa kubwera. Dzuwa ndiye losasowa.

Kuchoka m'labotale kufika pachitsime pali zopinga, ndipo choyamba chikubwereranso ku moto. Tinjere ta mananomita 20 sitingasefedwe ndi nsalu, ndipo si toyenera kumwa. Choncho ufawu uyenera kumatidwa pa chinthu cholimba monga galasi, matailosi kapena mchenga, ndipo kuti umatirire ndi kusanduka anatase uyenera kuwotchedwa pamodzi ndi chinthucho. Botolo lapulasitiki silingalowe m'ng'anjo. Galasi wamba limapirira madigiri 500, koma pa kutentha kumeneko sodium wa m'galasi amalowa mu titanium dioxide n'kumufoola, moti opanga amayamba apaka silica pakati. Kumata ufa pakhoma kumachepetsanso malo okhudzana ndi madzi. Ku Plataforma Solar de Almería ku Spain, kumene njirayi yayesedwa padzuwa lenileni kuyambira m'ma 1990, amadutsitsa madzi m'mapaipi agalasi oikidwa pa malata onyezimira opindika.

Chopinga chachiwiri ndi madzi enieniwo. A m'labotale ndi oyera. A mumtsinje wa Lunsemfwa m'nyengo ya dzinja ndi ofiira ndi dothi, ndipo kuwala sikulowa patali. Mchere wa m'madzi a pamjigo umalimbirana tinthu taukali tija ndipo umakuta ufa. Siliva ndi kopa amene sanagwire bwino amasungunuka n'kulowa m'madzi akumwa, ndipo ufa umafooka ukagwiritsidwa ntchito kangapo. Apanso kawotchedwe ndi kamene kamanena ngati chitsulo chigwire kapena chikokoloke. Za mercury, ufawu umatha kumuchotsa m'madzi pomusandutsa chitsulo chomatirira pa tinjere, koma sumuononga. Poizoni amangosamukira pa ufa, ndipo ufawo umasanduka zinyalala zoopsa zofunika kusungidwa mosamala.

Palinso chenjezo lofunika. Titanium dioxide wa mu penti kapena mu mankhwala otsukira mano si woyeretsera madzi, ndipo kumuthira m'chidebe n'kungoipitsa madziwo. Mayiko a European Union analetsa kumuika m'zakudya mu 2022, ndipo bungwe la IARC limaika fumbi lake m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa zikapumidwa. Mbaula yamakala kapena uvuni wa njerwa sizingalowe m'malo mwa ng'anjo yamagetsi, chifukwa kusiyana kwa madigiri 50 okha kumasintha ufa.

Dzuwa lokha, popanda ufa uliwonse, limapha kale tizilombo tambiri. Njira yotchedwa SODIS, imene bungwe la Eawag la ku Switzerland linafalitsa, imafuna botolo lapulasitiki loonekera la PET losapitirira malita awiri, madzi osadetsedwa ndi dothi, ndi maola 6 padenga la malata dzuwa likuswa mtengo, kapena masiku awiri kukachita mitambo. Kafukufuku wa titanium dioxide akufuna kufupikitsa maola amenewo ndi kuonjezera chimene SODIS sangathe, kuphwanya mankhwala a m'minda ndi a m'mafakitale. M'mafakitale, m'magalasi a mawindo ndi m'simenti yodziyeretsa ufawu ukugwira kale ntchito. Pa madzi akumwa a m'mudzi sunafike pogulitsidwa m'sitolo. Kufikira utafika, banja la ku Chinyunyu kapena la kwa Mpanshya lidalire kusefa madzi, kuwawiritsa, kuthiramo kolorini pa muyezo wolembedwa pa botolo, kapena kuwaanika padzuwa maola 6 athunthu.